Mafunso ndi mayankho: kuunika patch yokhudza momwe kernel imayalira memori kompyuta ikangoyaka

Tsamba lino talembera anzathu a kuno ku Kasungu amene chilankhulo cha C akuchidziwa, kernel ya Linux anaimangapo pa laputopu yawo, ndipo tsopano akufuna kuyamba kuunika ma patch olembedwa ndi ena. Tikukamba za kanthawi kochepa kwambiri: kuyambira pamene kompyuta yayatsidwa mpaka pamene kernel yamaliza kudziwa RAM yomwe ilipo n'kuipereka kuti igwiritsidwe ntchito. Mayina a ma function ndi mafayilo omwe amakhalamo amasuntha version ikasintha, choncho nthawi zonse tsegulani code ya version imene patch yalembedwerapo.

Kodi gawo limeneli lavuta pati kuposa mbali zina za kernel?

Lavuta chifukwa cholakwa chake sichilira pamalo pomwe chachitikira. Driver ya kiyibodi ikalakwika, kiyibodi imasiya kugwira ntchito ndipo mumadziwa kopita. Koma page imodzi (kachigawo ka RAM komwe kernel imagawa) ikaperekedwa kwa anthu awiri nthawi yoyaka, kompyuta ikhoza kuyenda bwinobwino masiku atatu, kenako fayilo n'kuonongeka, kapena dmesg n'kutulutsa "BUG: Bad page state" pa pulogalamu yosalakwa konse. Zili ngati belo la fodya lomangidwa ndi chinyezi ku Santhe: kumudzi limaoneka bwino, vuto limakatulukira ku Chinkhoma.

Chinanso, nthawi imeneyi zida zambiri zogwirira zolakwa zimakhala zisanadzuke. Console kulibe, kmalloc() kulibe, ndipo pa x86 cholakwa chachikulu chimangochititsa kompyuta kuzima n'kuyakanso yokha osalemba kalikonse pa sikirini.

Ndisanawerenge patch, ndidziwe ndondomeko yotani ya kayakidwe?

Ndondomekoyi muiloweze pamtima, chifukwa theka la ntchito younika lagona pamenepa.

Firmware ndi imene imauza kernel komwe kuli RAM. Pa PC uthengawu umabwera ngati tebulo la E820 kapena mapu a EFI. Pa ARM kawirikawiri umabwera kudzera mu device tree (fayilo yofotokoza zipangizo za bolodi), m'magawo a /memory ndi /reserved-memory. Mkati mwa setup_arch(), kernel imakopera uthengawu mu memblock.

Memblock ili ngati kaundula wa a nyakwawa malo asanagawidwe. Ili ndi mindandanda iwiri basi: malo onse omwe alipo, ndi malo omwe atengedwa kale. memblock_add() imalemba mu woyamba, memblock_reserve() mu wachiwiri, ndipo memblock_alloc() imafufuza malo omwe ali mu woyamba koma mulibe mu wachiwiri. Kale kunali inzake yotchedwa bootmem, koma inachotsedwa mu Linux 4.20 m'chaka cha 2018, choncho mukaona dzina limenelo m'ndemanga za code, ndi zotsalira chabe.

Kenako kernel imamanga ma page table oti ifikire RAM yonse, imagawa RAM m'ma node (RAM yoyandikana ndi ma CPU enaake) ndi m'ma zone (magawo potengera adiresi), n'kukonza struct page imodzi yosunga mbiri ya page iliyonse. Ikatero memblock_free_all() imapereka malo onse osatengedwa kwa buddy allocator, yomwe imagawa ma page kuyambira pamenepo. Apa m'pamene alloc_pages() imayamba kugwira ntchito, kenako slab, kenako vmalloc. Pomalizira penipeni free_initmem() imataya code yonse yomwe inali yongoyatsira.

Ndiye pa mzere uliwonse womwe patch yakhudza, dzifunseni kuti: mzerewu ukuyenda pa sitepe iti, ndipo pa sitepe imeneyo chadzuka kale n'chiyani?

Patch ikungosuntha function kuchoka pena kupita pena. Wolemba akuti palibe chasintha. Ndimukhulupirire?

Ayi, mpaka mutadzionera nokha. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: ma patch okonza maonekedwe a code ndi amene amapita mosavuta, ndipo m'gawo lino kusuntha mzere n'kusintha khalidwe.

Tengani chitsanzo cha initrd, kaphukusi ka mafayilo omwe kernel imayambira nawo. Bootloader imaiika penapake mu RAM, kawirikawiri chakumtunda. Memblock nayo, ikapanda kuuzidwa zina, imagawa kuyambira kumtunda kutsika pansi. Patch ikangosuntha memblock_alloc() imodzi n'kuiika patsogolo pa memblock_reserve() ya initrd, kernel imalemba pamwamba pa initrd yake yomwe. Pa kompyuta ya wolemba, yomwe ili ndi RAM ya 32 GB, ziwirizi sizingakumane. Pa laputopu ya kaunjika ya 2 GB, mudzaona "Initramfs unpacking failed" ndipo kompyuta siyaka.

Lembani papepala zonse zoyenera kusungidwa kugawa kusanayambe: kernel yeniyeniyo, initrd, device tree, matebulo a ACPI ndi EFI, ndi zonse za mu /reserved-memory. Pa x86, kuyambira mu 2021 kernel imasunganso megabayiti yoyamba yonse chifukwa ma BIOS ena amalembamo mosapempha. Mukatero tsatirani ndi chala kuti mu ndondomeko yatsopanoyo chilichonse chikusungidwabe nthawi isanathe.

Onaninso ziwiri izi. Mindandanda ya memblock kawirikawiri imayamba ndi mipata 128 yokha, ndipo siyingakule mpaka memblock_allow_resize() itaitanidwa. Komanso memblock_alloc() imabweza adiresi yoti kernel iigwiritse ntchito nthawi yomweyo, ndiye malowo ayenera kukhala ali kale mu page table. N'chifukwa chake pali memblock_set_current_limit(). Patch yomwe yagawa memori malire amenewa asanakwezedwe, kapena yawakweza ma page table asanamangidwe, ili ndi vuto.

Ngati function yomwe yasunthidwa imaitanidwa ndi ma architecture angapo, gwiritsani ntchito git grep muwaone onse. Chimene chili bwino pa x86 chikhoza kupha arm64, riscv kapena powerpc, chifukwa aliyense ali ndi setup_arch() yakeyake.

Pa masamu a malire ndiyang'ane chiyani makamaka?

Apa khalani pansi, tengani pensulo. Zolakwa zambiri zili pano.

Choyamba ndi mbali yozungulizira nambala. Pa x86 page imodzi ndi mabayiti 4096, koma firmware siikakamizidwa kupereka malire ogwera ndendende pa page. Lamulo lake ndi la mlimi amene munda wake wachita malire ndi manda: mzere wa m'malire salima, amausiya wonse. Malo oti agwiritsidwe ntchito amachepetsedwa: poyambira PFN_UP, pothera PFN_DOWN (pfn ndi nambala ya page; PFN_UP imazungulizira m'mwamba, PFN_DOWN pansi). Malo osungidwa amakulitsidwa: poyambira PFN_DOWN, pothera PFN_UP.

Tiyese ndi manambala. Malo ayambira pa 0x1800 kukathera pa 0x5200. Ngati ndi RAM yoti tigawe, ma page athunthu ndi 2, 3 ndi 4 basi. Ngati ndi malo a firmware oti tisawakhudze, tisunge 1, 2, 3, 4 ndi 5. Wolemba akasemphanitsa, page 1 kapena 5 imapita kwa buddy allocator ili ndi katundu wa firmware mkati.

Chachiwiri ndi tanthauzo la mawu oti end. Mu struct resource, ndi mu /proc/iomem, end ndi bayiti yomaliza ya malowo, n'chifukwa chake manambala ake ambiri amathera ndi fff. M'malupu a pfn, end_pfn ndi page yoyamba ya kunja kwa malowo. Code ikamatenga nambala kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake, payenera kuoneka kuphatikiza 1 kapena kuchotsera 1. Pakapanda kuoneka, funsani. Ndipo memblock_add() ndi memblock_reserve() zimafuna poyambira ndi kukula, osati poyambira ndi pothera. Zonse ziwiri ndi phys_addr_t, choncho compiler siinena kanthu munthu akasokoneza.

Chachitatu ndi kusefukira. Pa makina a 32-bit okhala ndi PAE kapena LPAE, phys_addr_t ndi ya 64-bit koma unsigned long ndi ya 32-bit. Page nambala 1,048,576 ndiyo imayambira pa 4 GB. Mukaisunga mu unsigned long n'kulemba pfn << PAGE_SHIFT, yankho limatuluka 0. PFN_PHYS() inapangidwira zimenezi. Mukaona kusunthaku kwalembedwa pamanja, onani mtundu wa variable.

Pomaliza, nambala 4096 kapena 12 yolembedwa mwachindunji mu code ya onse ndi yokayikitsa, pakuti arm64 imathanso kuyenda ndi ma page a 16 KB ndi 64 KB.

Bwanji za mabowo a mu memori?

RAM siyala ngati mphasa imodzi. Pa PC pali bowo pakati pa 640 KB ndi 1 MB, ndi lina lalikulu pansi pa 4 GB losiyidwira zipangizo za PCI. N'chifukwa chake laputopu ya RAM ya 4 GB imakhala ndi gawo lina la RAM pa adiresi yopitirira 4 GB. Lupu iliyonse yoyenda kuchokera pa pfn yoyamba kukafika yomaliza osadumpha mabowo ndi yoti muiyang'anitsitse.

Msampha waukulu ndi pfn_valid(). Iyo imangonena kuti struct page ya nambala imeneyo ilipo, osati kuti kumeneko kuli RAM. Pa SPARSEMEM ya x86-64 memori imasamalidwa m'zigawo za 128 MB, ndipo chigawo chimodzi chikhoza kukhala ndi RAM kwina, bowo kwina. Ma struct page a m'bowomo amayenerabe kukonzedwa ndi kulembedwa kuti ndi osungidwa. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi init_unavailable_range(). Patch ikasintha malire a zone kapena a node, funsani kuti ma struct page a m'mabowo a m'mphepete akukonzedwa ndi ndani tsopano, ndipo akupatsidwa zone iti.

Kodi ma zone angasokonezeke osadziwika?

Kwambiri. Pa x86, ZONE_DMA ndi 16 MB zoyambirira, ZONE_DMA32 imafika pa 4 GB, zotsalazo ndi ZONE_NORMAL. Malire akasuntha molakwika kompyuta imayaka ndithu, koma chipangizo chomwe sichitha kufika pa adiresi zapamwamba chimapatsidwa malo omwe sichingawaone. Pa Raspberry Pi 4 zipangizo zina zimangofika mu gigabayiti yoyamba, ndipo arm64 inachita kukonzeredwa ZONE_DMA chifukwa cha zimenezi. Fanizirani mizere ya "Zone ranges" mu dmesg, ndi manambala a spanned, present ndi managed mu /proc/zoneinfo, patch isanalowe ndi italowa.

Zizindikiro za __init, __meminit ndi __ref ndiziunike bwanji?

Function ya __init imatayidwa kuyaka kukatha. Ina ikadzaiitana pambuyo pake, imalumphira m'malo omwe muli kale zinthu za eni ake. Pomanga kernel, modpost imachenjeza ndi mawu oti "section mismatch", ndipo chenjezo limeneli si loti mulilambalale.

__meminit ndi ya code yomwe imafunikanso RAM ikawonjezedwa makina ali moyaka. Patch ikasintha __meminit kukhala __init, fufuzani ngati mm/memory_hotplug.c ikufikabe pa function imeneyo. Ikawonjezera __ref, dziwani kuti wolemba watseka pakamwa chenjezo. Nthawi zina n'zoyenera, mwachitsanzo function yomwe imayamba yafunsa slab_is_available() isanasankhe kogawira. Koma chifukwa chake chilembedwe mu ndemanga pomwepo.

Kumbukiraninso kuti mindandanda ya memblock imatayidwa kuyaka kukatha, kupatula pa ma architecture omwe asankha CONFIG_ARCH_KEEP_MEMBLOCK, monga arm64. Code yowerenga memblock mochedwa ikhoza kuyenda pa arm64 n'kugwa pa makina ena.

memblock_alloc() ikalephera chimachitika n'chiyani?

Kuyambira mu Linux 5.1 imabweza NULL, siimitsa makina yokha. Woitana aliyense ayenera kuona yankholo. Nthawi zambiri choyenera ndi panic() yokhala ndi uthenga wonena kukula komwe kunapemphedwa, chifukwa kupitiriza popanda page table kapena struct page n'kosatheka.

Siyanitsaninso abale ake. memblock_alloc() imapukuta malowo ndi ziro. memblock_alloc_raw() siipukuta. memblock_phys_alloc() imabweza adiresi yeniyeni ya mu RAM, osati pointer. Patch yosintha kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri pofuna liwiro iyenera kusonyeza kuti bayiti iliyonse ilembedwa isanawerengedwe. QEMU, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yongoyerekeza, imapereka RAM yodzaza kale ndi ziro, ndiye cholakwa chotere chimabisala mpaka pa makina enieni omwe azimitsidwa n'kuyatsidwanso RAM ikadali ndi zakale.

Ndilibe seva yaikulu. Ndingayese chiyani ndi laputopu wamba?

Zambiri ndithu, ndipo makina ang'onoang'ono ndi akale amagwira zolakwa zomwe olemba ambiri saziona.

Mangani kernel kawiri, yopanda patch ndi yokhala nayo, ndi config imodzimodzi. Yatsani CONFIG_DEBUG_VM, CONFIG_DEBUG_VM_PGFLAGS ndi CONFIG_DEBUG_MEMORY_INIT. Ziwiri zoyambazo zimadzaza ma struct page ndi 0xff asanakonzedwe, kuti wowagwiritsa ntchito nthawi isanakwane agwidwe pomwepo. Kenako:

qemu-system-x86_64 -m 512M -nographic -kernel arch/x86/boot/bzImage -append "console=ttyS0 earlyprintk=serial memblock=debug nokaslr"

memblock=debug imalemba kuwonjezera, kusunga ndi kugawa kulikonse pamodzi ndi dzina la woitana. Sungani zotuluka za ma kernel onse awiri, chotsani nthawi za kumayambiriro kwa mizere, n'kuzifanizira ndi diff. nokaslr ikuthandizani kuti maadiresi asamasinthe paulendo uliwonse. Mzere womwe umayamba ndi "Memory:" umanena makilobayiti omwe aperekedwa. Ukasiyana ngakhale ndi 4K pa patch yomwe ikuti sinasinthe kanthu, wolemba afotokoze.

Bwerezani ndi kukula kosiyanasiyana: 128M, 3G, 5G kuti mudutse bowo la pa 4 GB, ndi nambala yosagawika bwino monga 1001M. Yesani mem=300M. Bowo lanulanu mungaliboole ndi memmap=16M$0x10000000, koma chizindikiro cha dola chitetezeni kuti shell kapena GRUB isachidye. Yesaninso node yopanda memori konse, yomwe imagwetsa code yambiri:

-smp 2 -m 1G -object memory-backend-ram,id=m0,size=1G -numa node,nodeid=0,cpus=0,memdev=m0 -numa node,nodeid=1,cpus=1

Musasiye 32-bit. Mangani i386_defconfig, ndi multi_v7_defconfig ya ARM, komanso arm64 ndi CROSS_COMPILE=aarch64-linux-gnu-. Ngati patch yakhudza mm/memblock.c, lowani mu tools/testing/memblock, lembani make, n'kuyendetsa ./main. Mayeso amenewa amayenda ngati pulogalamu wamba ndipo satenga nthawi.

Kernel yangoti zii, palibe chotuluka. Ndiyambire pati?

Mu QEMU wonjezerani -s -S. Makinawo adikira, inu mutsegule gdb ndi fayilo ya vmlinux, mulumikize pa port 1234, muike hbreak pa start_kernel, n'kumayenda pang'onopang'ono. Wonjezeraninso -no-reboot kuti isamangozungulira.

Pa bolodi la ARM mawu ake ndi earlycon, ndipo mufunika kachingwe ka USB kopita ku serial ka 3.3 V. Pa Raspberry Pi, pini 6 ndi ground, pini 8 imatumiza, pini 10 imalandira, liwiro 115200. Waya wotumiza wa bolodi upite ku wolandira wa kachingweko. Mukalumikiza TX ndi TX simuona kanthu ndipo mudzaimba mlandu patch yosalakwa. Kachingwe ka 5 V kakhoza kuotcha mapini.

Nanga bandulo ndi magetsi?

Mbiri yonse ya Linux mu git ndi magigabayiti angapo. git clone --depth 1 imachepetsa kwambiri, koma imakulandani git blame ndi git log, zomwe wounika sangachite popanda izo: mzere wooneka wopanda ntchito kawirikawiri unaikidwa chifukwa cha BIOS inayake yosokonekera zaka khumi zapitazo, ndipo chifukwacho chili mu uthenga wa commit. Njira yabwino n'kukopera mbiri yonse kamodzi pa flash kuchoka kwa mnzanu amene ali nayo, kenako n'kumangochita git fetch.

Magetsi akathima pakati pomanga, make imapitiriza pomwe inalekera. Koma ngati kompyuta inazima mwadzidzidzi, fayilo ya .o yomwe inkalembedwa ikhoza kutsala yoduka. Mukaona linker ikudandaula zosamveka, fufutani fayilo imeneyo mumangenso. Ikani ccache, pakuti mukhala mukumanga code yomweyomweyo kambirimbiri.

Wolemba akuti patch ikufulumizitsa kayakidwe. Ndiweruze bwanji?

Pemphani manambala ndi makina omwe anayesera. struct page imodzi pa 64-bit nthawi zambiri ndi mabayiti 64. RAM ya 4 GB ili ndi ma page 1,048,576, kutanthauza 64 MB za struct page, zomwe zimakonzedwa m'kanthawi kosaoneka n'komwe. RAM ya 1 TB imafuna 16 GB za struct page, ndipo apo nthawi imamveka. N'chifukwa chake kuli CONFIG_DEFERRED_STRUCT_PAGE_INIT, yomwe imakonza ochepa poyamba, otsalawo n'kuwasiyira ma thread a pgdatinit ma CPU ena akadzuka.

Izi zikutanthauza kuti pali kanthawi komwe struct page ilipo koma sinakonzedwe. Patch iliyonse yokhudza memmap (mndandanda wa ma struct page onse) iyesedwe ndi config imeneyi yoyatsa ndi yozimitsa. Ndipo ngati liwirolo lapezeka podumpha kupukuta memori, onani ngati sizikuphwanya init_on_alloc ndi init_on_free, zomwe zinalowa mu Linux 5.3 kuti zotsala za pulogalamu ina zisaonedwe ndi ina. Mzere wa "mem auto-init" mu dmesg umanena zomwe zayatsidwa.

Ndemanga yanga ndiilembe motani, ndipo Reviewed-by ndiipereke liti?

Yambani ndi uthenga wa commit. Unene vuto, makina omwe limaonekerapo, ndi chifukwa chomwe njira iyi ndiyo yoyenera. Ngati ikukonza cholakwa chakale, pakhale mzere wa Fixes: wokhala ndi zilembo zosachepera 12 za commit yolakwayo. Patch yomwe ikusuntha code komanso kusintha khalidwe nthawi imodzi, pemphani kuti igawidwe pawiri. Aliyense wodzachita git bisect chaka chamawa adzakuthokozani. scripts/checkpatch.pl igwire za kalembedwe, inu nthawi yanu ipite ku ndondomeko ndi malire.

Poyankha, dulani mizere yokhayo yomwe mukukambapo, ndemanga ikhale pansi pake. Musalembe kuti "apa pakuoneka ngati pali vuto". Lembani kuti: poyambira pakakhala 0x1800, mzere uwu upereka page 1 kwa buddy pomwe theka lake ndi la firmware. Chitsanzo cha manambala sichikanika, ndipo chimalemekeza wolembayo chifukwa akhoza kuchiyesa yekha. Ngati simunamvetse chifukwa cha mzere wina, funsani mosabisa. Safunsa anadya phula, ndipo funso loona mtima nthawi zambiri limatulutsa ndemanga yomwe inkasoweka mu code.

Ngati munangoyendetsa patch, perekani Tested-by, ndipo munene makina, RAM ndi config. Reviewed-by ndi dzina lanu kuchitira umboni kuti mwawerenga code yonse yokhudzidwa, mafunso anu ayankhidwa, ndipo simukudziwa vuto lotsala. Ngati munangoona mbali ya x86, nenani choncho pansi pa dzina lanulo. scripts/get_maintainer.pl ikuuzani oyenera kuona yankho lanu. Za memblock zimapita kwa Mike Rapoport, ndipo zambiri za mm (code yosamala memori) zimadutsa kwa Andrew Morton zisanafike kwa Linus Torvalds. Wolemba akatumiza v2, musangodalira mndandanda wake wa zomwe wasintha: yendetsani git range-diff pakati pa ziwirizo, mubwerezenso QEMU ya 128M ndi ya 5G.